Ngalande za Venice Ziyendere Liwiro la Nkhafi

Kuyambira pa 25 April 2024, pamene khonsolo ya mzinda wa Venice ku Italy inayamba kulipiritsa mayuro 5 kwa mlendo wobwera m'mawa n'kubwerera madzulo pa masiku ochuluka anthu, mkangano wakuti mzindawu ndi wa yani sunazirale. Pamkanganopo dzina la gondola silisowa. Bwato lakuda lija, lopalasidwa ndi munthu mmodzi ataimirira kumbuyo, ambiri alisandutsa chitsanzo cha zonse zimene zasokonekera mumzindawo: mitengo yoboola m'thumba, alendo osefukira, mwambo wa makolo wosanduka malonda. Maganizo amene amatsatira pamenepo ndi akuti magondola ndi zoseweretsa za alendo, ndipo aziwapatukira maboti a injini amene ali pa ntchito yeniyeni. Ine ndikuti chala chikulozedwa kolakwika. Chimene chikukukuta Venice usana ndi usiku ndi injini. Ngati mzindawu ukufuna kuti zidzukulu zidzaupeze uli chiimire, lamulo la m'ngalande zake likhale lakuti liwiro la nkhafi ndilo muyezo, bwato lopalasa lizipatsidwa njira poyamba, ndipo boti la injini lizilowa pokhapo pamene ntchitoyo singatheke ndi manja, ndiponso lizilowa mwachifatse.

Kuti mfundoyi imveke, tiyambe ndi mmene mzindawu unamangidwira. Venice ili pa tizilumba 118 m'kati mwa dziwe lalikulu la madzi amchere, limene zilumba zazitali zamchenga zalitchinga ku nyanja ya Adriatic. Galimoto imathera pa Piazzale Roma, ndipo kuchoka apo munthu amayenda pansi kudutsa milatho yoposa 400, apo ayi akwere bwato. Amisiri akale anakhomerera mitengo yosawerengeka m'thope, pamwamba pake n'kuyala matabwa, kenako mwala woyera wa ku Istria umene sumwa madzi, ndiye njerwa pamwamba pa mwalawo. Mitengo ija siola chifukwa m'thope mulibe mpweya. Mwala uja unaikidwa molingana ndi pamene madzi amalekezera akamakwera ndi kutsika mwakachetechete kawiri pa tsiku. Nzeru yonseyi inadalira chinthu chimodzi, madzi odekha. Tsono boti la injini likadutsa mothamanga m'ngalande yopapatiza, mafunde ake, amene eni mzinda amawatcha moto ondoso, amalumpha mwala uja n'kukamenya njerwa. Madzi amchere amalowa m'njerwamo, akauma mchere umatsalira n'kumaiphwanya kuchokera m'kati. Pansi pamadzi napo chikupizo cha injini chimavundula thope n'kukokolola dothi limene lagwira maziko. Aliyense amene anakhalapo m'nyumba ya zidina yopanda khonde akudziwa zimene madontho a kudenga amachita m'munsi mwa chipupa: sagwetsa nyumba tsiku limodzi, amangoinyenya pang'onopang'ono mpaka chaka china chipupa chitsamira. Ku Venice kunyenyako kulibe chilimwe, kumachitika boti lililonse likadutsa. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utaimitsa maulendo, dziko lonse linaona zithunzi za ngalande zoyera mbee, nsomba zikuoneka pansi. Madziwo sanasefedwe ndi munthu. Thope linangopeza mpata wodikha chifukwa mainjini anali chete.

Gondola ndi bwato limene linabadwira madzi amenewa. Kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 11, pansi pake ndi pathyathyathya, moti limayenda ngakhale pamadzi osaya ndipo kumbuyo kwake sikutsala funde loti n'kugwedeza chipupa. Amalipanga ndi manja, kulumikiza zidutswa pafupifupi 280 za mitundu 8 ya mitengo. Mukaliyang'ana kuchokera kutsogolo mupeza kuti ndi lokhota: mbali yakumanzere ndi yotambalala kuposa yakumanja ndi masentimita pafupifupi 24. Kukhotako si kulakwitsa kwa mmisiri. Wopalasa amagwiritsa ntchito nkhafi imodzi yokha, kudzanja lamanja, ndipo bwato lowongoka likanamakhotera kumanzere. Amisiri a m'zaka za m'ma 1800, makamaka Domenico Tramontin amene anatsegula malo ake opangira magondola mu 1884, ndiwo anakhwimitsa kapangidwe kameneka. Nkhafiyo imatsamira pa forcola, chipika chosemedwa mwaluso chokhala ndi makona ndi mphako zingapo, ndipo wopalasa amasuntha nkhafi kuchoka pa mphako ina kupita pa ina akafuna kuyamba, kukhota, kuima kapena kubwerera m'mbuyo. Anthu ambiri amayesa kuti amakankha pansi ndi mtengo wautali, koma ayi, amapalasa ndithu. Mibadwo yambiri ya anthu inasinkhasinkha mmene munthu mmodzi anganyamulire anzake pamadzi popanda kuwononga nyumba za m'mbali, ndipo yankho lawo ndi bwato limeneli.

Otsutsa amayamba ndi ndalama, ndipo sakunama. Kuyambira chakumapeto kwa 2023, ulendo wa mphindi 30 ndi mayuro 90 masana, ndipo usiku wa mphindi 35 ndi 110. Kwa munthu wolandira malipiro wamba, kaya wa ku Italy komweko kaya wa kwathu kuno, imeneyi ndi ndalama yoti uganize kawiri. Komabe pali zinthu zimene odandaulawa amazisiya. Mtengowo ndi wa bwato lonse, ndipo bwato limanyamula anthu 5, kutanthauza mayuro 18 munthu mmodzi likadzaza. Tikiti imodzi ya vaporetto, basi ya pamadzi ija, mlendo amaigula mayuro 9.50, ndipo teksi ya pamadzi ya injini yochokera ku bwalo la ndege imapitirira mayuro 100, koma ameneyu sanyozedwa ngati wopalasa gondola. Kuwonjezera apo, mtengowo amaika ndi akhonsolo, ndipo umalembedwa poyera pamalo okwerera. Ndalamayo imalipira bwato lopangidwa ndi manja kwa miyezi, lofunika kulitulutsa m'madzi kawirikawiri kuti alipale ndere ndi kulipakanso utoto, imalipiranso miyezi yachisanu ya nkhungu pamene okwera amachepa. Ndipo tiyerekeze kuti mtengo watsitsidwa ndi theka. Okwera angachuluke, magondola angamayende mondondozana tsiku lonse, ndiye kuthithikana kumene otsutsa omwewa amadandaula nako kungawirikize. Mumzinda wothina chotere, kukwera kwa mtengo kumagwiranso ntchito ya chipata.

Mfundo yachiwiri ndi yozama kuposa ya ndalama. Amati gondola inafa kale, chatsala ndi chiwonetsero. Amakumbutsa kuti dzinali limapezeka m'zolembedwa kuyambira 1094, kuti pa nthawi imene Venice inali pachimake magondola ankawerengedwa m'masauzande, ndipo ankanyamula amalonda, akwati, ansembe ndi maliro, pamene lero atsala pafupifupi 400 onyamula anthu okweza mafoni m'mwamba. Amatchulanso oimba amene amakwera m'magondola ena n'kumaimbira alendo nyimbo za ku Naples, mzinda wakutali kum'mwera, ngati kuti ndi za ku Venice. Pa nkhani ya nyimbozi ndikugwirizana nawo, ndipo zimandipweteka kuona mzinda wokhala ndi nyimbo zakezake za pamadzi ukubwereka za eni. Koma kunena kuti mwambo wafa chifukwa amene akuulipira ndi mlendo n'kusamvetsa mmene luso limakhalira ndi moyo. Luso limakhalapo pamene pali wina wogula ntchito yake. Ndalama ya mlendo uja ndiyo imachititsa kuti pa squero ya San Trovaso, malo akalekale okonzera magondola m'dera la Dorsoduro, pazimvekabe hamala. Ndiyo imadyetsa osema nkhafi ndi forcola, osula chitsulo cha kutsogolo chija chokhala ndi mano 6 oimira madera 6 a mzindawu, osoka mipando, opaka golide, oluka zipewa. Amisiri otere atsala ochepa kwambiri. Mukachotsa maulendo a alendo lero, sikuti mawa gondola ibwerera kukanyamula anthu opita kumsika. Idzalowa m'nyumba yosungira zakale, ndipo mmisiri womaliza akadzamwalira sipadzapezeka wodziwa kupinda thabwa ndi moto kuti likhote moyenera.

Komanso si zoona kuti kupalasa ndi kwa alendo okha. Eni mzinda ali ndi magulu awo opalasa, ndipo Lamlungu loyamba la September chaka chilichonse amadzaza m'mbali mwa Canal Grande, ngalande yaikulu ya mumzindawu, kuchemerera mpikisano wa Regata Storica. Chofunika kwambiri pa nkhani yathuyi ndi Vogalonga, ulendo wopalasa wa makilomita pafupifupi 30 umene unayamba mu 1975. Amene anauyambitsa anali anthu a ku Venice okwiya ndi mafunde a maboti a injini. Ndiye kuti dandaulo limene ndikunena pano si la mlendo wokonda zithunzi. Eni nthaka akhala akulinena kwa zaka 50.

Tsopano tifike pa mfundo yolemera kuposa zonse, imene sindingaidumphe. Mzinda wamoyo sungayendere nkhafi yokha. Ku Venice ambulansi ndi boti, ozimitsa moto amabwera pa boti, zinyalala zimachoka pa boti, ufa, mabotolo a madzi, simenti ndi mafiriji zimalowa pa boti, ndipo maliro amapita ku manda a pa chilumba cha San Michele pa boti. Mayi amene matenda amuyamba usiku sangadikire wopalasa. Wogwira ntchito wochokera kumtunda ku Mestre m'mamawa amadalira vaporetto, imene yakhala ikuyenda mu Canal Grande kuyambira 1881, ndipo opalasa magondola a nthawi imeneyo ananyanyala ntchito poikana. Otsutsa amati, kodi simukuona kuti mukubwereza kuuma mutu kwa 1881? Amawonjezera kuti m'tingalande ta pafupi ndi bwalo lalikulu la San Marco, magondola oyenda mumdipiti amatsekereza wonyamula katundu amene ali ndi mashopu khumi omudikira. Zonsezi ndi zoona, ndipo n'chifukwa chake sindikunena kuti injini ithamangitsidwe. Ndikunena kuti mainjini asiyanitsidwe. Ambulansi ithamange mmene ingathere, pakuti mafunde ake ndi mtengo umene mzinda ungalipire mosanyinyirika. Vaporetto imanyamula khamu pa ulendo umodzi, iyende. Koma teksi yonyamula alendo awiri ndi masutikesi awo, imene imathamanga kuti ikatenge ena msanga, ilibe chifukwa chomveka chomenyera maziko a nyumba ya munthu wina. Chimodzimodzi maboti osangalalira, ndi maboti a katundu amene amatsatana kupita kudera limodzi, lililonse litanyamula pang'ono, pamene katunduyo akanasonkhanitsidwa pamalo amodzi n'kulowa pa boti limodzi.

Malamulo a liwiro alipo kale: makilomita 5 pa ola m'tingalande tating'ono, ndi 7 kwa maboti ambiri mu Canal Grande. Vuto lakhala kuwatsata. Lamulo limene wolakwa amadziwa kuti sagwidwa nalo limangokongoletsa chikwangwani. Choncho chimene chikufunika ndi zipangizo zoyezera liwiro zogwira ntchito usana ndi usiku, chindapusa chopweteka, ndi kulanda chiphaso kwa wobwereza. Munthu wothamangira ntchito anganene kuti kuchepetsa liwiro kumutayitsa nthawi. Tiwerengere limodzi. Canal Grande yonse ndi makilomita osakwana 4. Pa liwiro la makilomita 7 pa ola, kuidutsa yonse ndi mphindi zongopitirira 30 pang'ono. Wothamanga amapulumutsa mphindi zowerengeka, pamene mwini nyumba ya m'mbali amalipira ndalama zankhaninkhani kukonzetsa maziko. Phindu ndi la mmodzi, ngongole ndi ya wina. Pankhani ya kuthithikana, tisaiwale kuti pakagundana boti lolemera ndi bwato lamatabwa, wovulala amadziwika kale. Mu August 2013, mlendo wa ku Germany anafa pafupi ndi mlatho wa Rialto pamene vaporetto inapanikiza gondola imene anakwera ndi banja lake. Mdipiti wa magondola uchepetsedwe ndithu, m'mawa mukhale maola a katundu okhaokha m'tingalande tothina, ndikuvomera. Koma kukonza kayendedwe kotere kuyambire pa kuteteza chofooka.

Amene akukayika kuti boma lingalimbane ndi eni mainjini akumbuke za sitima zikuluzikulu za alendo. Kwa zaka zambiri zinkadutsa kutsogolo kwa San Marco, zazitali kuposa nyumba za mumzindamo, ndipo ankati kuziletsa kungaphe chuma. Mu June 2019 sitima ya MSC Opera inalephera kuima n'kukawomba doko ndi boti lina mu ngalande ya Giudecca. Kuyambira pa 1 August 2021 boma la Italy linaletsa sitima zoposa matani 25,000 kudutsa njira imeneyo. Venice sinagwe, ndipo alendo sanaleke kubwera.

Pali dandaulo lina limene ndimaliona kuti ndi lachilungamo kwambiri, ndipo okonda gondola sayenera kulibisa. Ntchitoyi ndi yotsekeka. Ziphaso zilipo 433 zokha, ndipo kwa mibadwo yambiri zakhala zikuyenda m'magazi, kuchoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna. Mkazi woyamba kulandira chiphaso, Giorgia Boscolo, anachilandira mu 2010, patapita zaka zoposa 900 chiyambire kutchulidwa gondola, ndipo iyenso ndi mwana wa wopalasa gondola. Izi n'zochititsa manyazi. Komabe mankhwala a khomo lotseka ndi kulitsegula. Mayeso a kupalasa, kusambira, mbiri ya mzinda ndi zilankhulo zakunja akhale okhwima monga kale, koma aziyesedwa poyera, ndipo mtsikana wa dera la Cannaregio kapena mwana wa munthu wobwera amene wakulira m'madzi omwewa akhale ndi mwayi wofanana ndi mwana wa mwini chiphaso. Gulu limene likupempha mzinda kuti uliteteze ku mafunde liyenera kulola kuti mzinda nawo ulowe m'nyumba mwake.

Ena amati zonsezi n'zazing'ono poyerekeza ndi madzi osefukira ndi kuthawa kwa anthu. Amatchula 4 November 1966, pamene madzi anakwera masentimita 194, ndi 12 November 2019, pamene anafika 187. Amatchula kuti m'katikati mwa mzindawu munkakhala anthu pafupifupi 175,000 mu 1951, ndipo mu 2022 anatsika kufika pansi pa 50,000. Ndani angakane? Koma taonani. Zitseko 78 za mpanda wa pamadzi wotchedwa MOSE, zimene zinadzutsidwa koyamba kutchinga madzi pa 3 October 2020 ndipo zinadya mabiliyoni a mayuro, zimatseka makomo atatu a Lido, Malamocco ndi Chioggia kuti nyanja isalowe. Sizingachite kanthu pa mafunde opangidwa m'kati mwa mpandawo ndi anthu eni ake. Kuwononga chuma chonsecho kutchinga nyanja, uku mukulola teksi kugumula maziko omwewo kuchokera m'kati, n'kusaganiza bwino. Ndiponso pa mavuto onse a Venice, ili ndilo lotsika mtengo kulithetsa. Kukwera kwa nyanja sikumvera khonsolo, koma dzanja la woyendetsa boti limamvera chindapusa. Pa za kuthawa kwa anthu, chimene chimasunga munthu pamalo ndi nyumba yokhalamo ndi ntchito imene singasamutsidwe. Nyumba zikamanyenyeka, kuzikonza kumadula, ndipo amene amakwanitsa ndi eni mahotela ndi obwereketsa zipinda kwa alendo. Banja wamba limanyamuka kupita kumtunda. Motero mafunde aja amathandizira kukankha anthu, ngakhale sawerengedwa pa zifukwa.

Pomwe ndimasiyana ndi ena okonda gondola ndi pa traghetto. Ili ndi bwato lofanana ndi gondola koma lopanda zokongoletsa, lopalasidwa ndi anthu awiri, lowolotsa anthu Canal Grande. Ngalande yonseyo ili ndi milatho 4 yokha, ndiye kwa gogo wochokera ku Cannaregio wopita kukagula nsomba kumsika wa Rialto, traghetto ya pa Santa Sofia imamupulumutsa ulendo wautali wokwera ndi kutsika masitepe. Mlendo amalipira mayuro 2, mwini mzinda amalipira masenti 70. Kale malo owolokera otere anali ambiri, lero atsala owerengeka, ndipo ena amagwira ntchito maola ochepa chabe, chifukwa wopalasa aliyense akudziwa kusiyana kwa masenti 70 ndi mayuro 90. Apa ndi pamene gondola iyenera kubweza ngongole yake kwa eni mzinda. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo 2020 inasonyeza opalasa kuti mame amenewa angakamuke m'sabata imodzi, magondola onse n'kukhala omangirira pa zikhomo. Amene amatsala nawe ndi mnansi. Choncho chiphaso cha gondola chizibwera ndi udindo wosazembeka wa masiku a pa traghetto, maola ake akhale odziwika ndi odalirika kuyambira m'mawa ana akamapita kusukulu mpaka madzulo, ndipo malo owolokera amene anatsekedwa atsegulidwenso. Ndalama zolipirira zimenezi zisasowe kochokera. Khonsolo ikutolera kale mayuro 5, ndipo kuyambira 2025 mayuro 10 kwa wolembetsa mochedwa, kwa mlendo wa tsiku limodzi. Gawo la ndalamazo lipite ku traghetto, ku zipangizo zoyezera liwiro, ndi kwa achinyamata ofuna kuphunzira ntchito pa squero, amene pa zaka zawo zoyamba sangadzidyetse ndi luso limene sanalidziwe bwino.